Kukagula Janti ndi Bango

Ndinanyamuka ku Domwe Lachiwiri m'mawa, chisanu cha Julayi chikuluma makutu, nditavala majuzi awiri ndi nsalu pamwamba. M'dengu munali mbatata yootcha ndi botolo la thobwa. Ndalama za nkhumba yanga, yomwe ndinaigulitsa ndikung'ung'udza, ndinazimangirira m'chiuno. M'manja ndinafumbata timabango tiwiri, kena kotalikirapo, kena kakafupi. Timeneto ndito tinali kalata yanga ya ku Tete.

Amuna anga, a Zakariya, anadulidwa mwendo zaka zinayi zapitazo ngolo itawagwera. Mwana wathu Domingo, amene ali ku Joni, anawagulira mota yakale, njinga yamoto ya matayala anayi, ndipo motayo ndiyo inakhala mwendo wawo. M'mawa uliwonse ankapita nayo kudimba lawo la kachewere, kutsidya kwa kamtsinje. Mlatho wake anamangitsa okha ndi mitengo ya bulugamu, ndipo pokhala munthu woumira mitengo, anaumanga molingana ndendende ndi motayo. Ine ndinkatsogola ndikuyenda chafutambuyo, ndikuwakodola ndi manja. Tayala lililonse lakutsogolo linkatsala zala ziwiri kuti lifike kumapeto.

Mu Meyi anagunda mwala, janti yakutsogolo kumanja n'kung'ambika. Janti ndi chitsulo chozungulira chija chimene tayala limavalapo. Mekaniko wa ku Ulongwe anaiwotcherera mpaka inapindika, mabowo ake n'kusanduka ngati mazira. Kuyambira pamenepo a Zakariya anakhala pakhonde masabata asanu ndi awiri. Munthu amene ankakalipira ngakhale nkhuku anangoti zii. Chakudya chinkabwerera mmene chapitira. Kachewere ndinkathirira ine, koma mankhwala ake sindiwadziwa, masamba anayamba kuchita chikasu. Kunena zoona, kachewereyo sindinkamudandaula kwambiri. Ndinkaopa kuti ndiika mwamuna m'manda mbatata isanakumbidwe.

Tsiku loti mawa ndinyamuka anaitana mnansi kuti amasule tayala lakumanzere, lomwe linali labwinobwino. Anayeza, anadula mabango, n'kundiitana.

"Nambewe, tamvera. Lalitalili ndi la mabowo. Mabowo alipo anayi. Uziyeza kuchokera pakati pa bowo kukafika pakati pa loyang'anizana nalo, osati loyandikana nalo. Lalifupili ndi la kuya kwake, kumbali yoyang'ana ku mota, kuchokera pamlomo mpaka pa mbale ya mabowoyo. Kukula kwake ndi 10, nambala yalembedwa pa tayalali."

"Bwanji ndingonyamula janti yabwinoyo ndikawaonetse?"

"Ikakagwa pamwamba pa chapa, minibasi zothinana zija? Titsale ndi matayala awiri?"

Awa ndiwo anali mawu ambiri omwe anayankhula mwezi wonsewo, choncho sindinatsutse.

Ya ku Ulongwe inali galimoto yotseguka kumbuyo, mametikali 150. Tinakhala pamatumba a nyemba, fumbi likutipaka ngati opita kumaliro a mfiti. Njira yonse kabango kakafupi kanali m'nkhonya yanga, kakungotulukira pang'ono kumtunda, mulingo wa chala chachikulu. Dzanja linachita dzanzi koma sindinalitambasule.

Cha m'ma 8 koloko tinafika ku Ulongwe. Chapa ya ku Tete inali ndi anthu anayi okha, ndiye ndinati ndipite ku ofisina, galaja ya mekaniko uja, ndikatenge janti yakufayo, ndiisungitse kwa mnzanga wogulitsa tomato. Ndinamupeza akumwa tiyi atakhala pa batire. Ataona mabango anaseka mpaka tiyi anamutsamwa.

"Mayi, mukupita kukagula nsapato za mwana? Ku Tete amayankhula ndi nambala. Mota zonsezi ndi chimodzimodzi. Ndinasinthapo janti yakumbuyo ya mota ngati yanuyo chaka chatha."

Anang'amba pepala la simenti n'kulembapo 4x110. Ndinaliyang'ana pepalalo ndipo manyazi anandigwira. Ndinadziona mmene ndikaonekere mu sitolo ya mu mzinda, mayi wa majuzi awiri ndikutulutsa mabango ngati sing'anga. Pepala ndinalipinda bwino n'kuliika pamodzi ndi ndalama. Mabango ndinangowasomeka m'dengu pambali pa mbatata.

Chapa inadzadza 10 koloko itadutsa. Mtengo unali mametikali 500, dengu langa analifuna 50 yapadera, koma ndinati ndilifukata. Mpando wa anthu atatu tinakhalapo anayi, wachisanu atatsamira mawondo anga. Kobradori, wotolera ndalama uja, anali ndi mawu amodzi okha tsiku lonse: "Sendezani, malo alipo!" Malowo ankawaona yekha.

Amene sanatsikepo kuchoka kwathu kupita ku Tete adziwe kuti ndi ulendo wovula. Pochoka ku Ulongwe mawindo anali otseka, aliyense atadzikuta. Titayenda maola awiri ndinavula nsalu. Mitengo ya bulugamu inatha, minda ya kachewere inatha, kunayamba tchire louma ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu. Kuvula juzi muli anthu anayi pampando ndi ntchito yofunika chilolezo cha anzako, ndipo chigongono changa chinapereka moni pachibwano cha bambo wina wogona. Sanadzuke.

Pa Musakama, pamene msewu wathu ukumana ndi waukulu wochokera ku Zobwe, tinaima kuti woyendetsa adye. Ogulitsa anatizinga ndi nkhuku yootcha, mazira ndi mabanzi. Mayi amene ndinakhala naye, wonenepa bwino, wopita kukaona mdzukulu ku Moatize, anagula ntchafu ziwiri. Ine ndinatsika kukawongola msana. Pobwerera ndinamupeza akutokosa m'mano mwamtendere. Anali atang'amba kabango kanga kakafupi, theka lili m'kamwa, theka analiponya pawindo.

"Mayi! Mwatani pamenepa?"

"Ii, pepanitu. Ndimayesa kamtengo wamba. Kanali ka mankhwala?"

Ndinafuna kumulalatira, koma ndikanati chiyani? Ndinali ine amene ndinakasomeka pamodzi ndi mbatata ngati chinyalala. Ndinatenga lalitali lija n'kulilowetsa m'bulauzi, ndikudzitonthoza kuti pepala ndili nalo. Mayiyo anandipatsa khungu la nkhuku kuti tigwirizane. Ndinadya, njala ilibe mkwiyo.

Kuchoka pamenepo ndikukumbukira zochepa: malori a malasha, apolisi kutiimitsa kawiri, mwana wina kusanza, ndi kutentha kolowa pawindo ngati wina watsegula uvuni. Tinadutsa Moatize dzuwa litapendeka. Ndinatsika ku Matundo, tsidya lino la Zambezi, kumene amakhala Felisita, mwana wa mchemwali wanga. Mapazi anali atatupa moti nsapato anachita kundivula. Anandiphikira nsomba, koma ndinagona ndisanamalize kuchotsa minga.

Lachitatu Felisita anapita kuntchito atandilozera msewu wa masitolo a zitsulo za galimoto. Ndinawoloka mlatho waukulu pa chapa ya mu mzinda. Zambezi ndinamuona, ndi wamkuludi, koma ine m'mutu munali mlatho wina, wa bulugamu.

Sitolo yoyamba analibe za mota. Yachiwiri anati bwerani mawa. Yachitatu inali yozizira mkati, ndipo ndikanakonda kungokhalamo mpaka madzulo. Wogulitsa anali bambo wa mafuta ambiri m'tsitsi, woyankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, koma tinkamvana. Ndinamupatsa pepala. Anagwedeza mutu ngati taonana ndi munthu wophunzira, analowa mkati n'kutulutsa janti yatsopano, yopakidwa siliva.

"Kwatru, sentu i deshi," anawerenga nambala ya papepala ija. "Ndi imeneyi, dona. Koma mukatuluka nayo pakhomo sitilandiranso."

Ndinayamba kumasula mfundo ya ndalama. Bango lija linandibaya pachifuwa poŵerama. Ndinalitulutsa, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma kuti pobwerera ndikanene mosanama kuti ndinayeza. Ndinaika nsonga pakati pa bowo, ndikuloza loyang'anizana nalo. Bango linapitirira bowolo ndi zala ziwiri zathunthu. Ndinatembenuza janti, ndinayesa mabowo enawo. Chimodzimodzi.

"Bango silidziwa nambala, dona," anatero wogulitsayo. "Amene anadulayo analakwitsa."

Kuno pepala la munthu wa ofisina, kuno bango la munthu wongokhala pakhonde osadya. Ndinakumbukira mmene analidulira, akulichepetsa pang'onopang'ono ndi mpeni, akuyesa, akuchepetsanso, lilime lili kunja. A Zakariya ali ndi zolakwa zambiri, ndingazitchule mpaka mawa, koma kuyeza sanalakwitsepo. Ndinamanganso mfundo yanga n'kutuluka. Kumbuyo ndinamva kuseka.

Ndinayenda masitolo ena anayi dzuwa lili paliwombo. Ena analibe, ena ankandibweretsera zomwezo za 110. Majuzi anali m'dengu, thukuta likutsika mpaka m'nsapato. Ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ndinamwa thobwa lomwe linali litayamba kusasa, ndipo ndinalira pang'ono, mwakachetechete, kulira kwa kutopa. Mayi wogulitsa madzi oundana anandifunsa vuto. Nditamuuza anati, "Pitani kuseri uko kwa opanga mbaula. Zitsulo zonse zakufa zimathera kumeneko."

Kuseriko kunali phiri la zitsulo ndi phokoso la nyundo. Mwini wake anali mkulu wa imvi, wovala magalasi omangidwa ndi waya. Nditangopereka moni anasiya nyundo.

"Mayankhulidwe awa ndi akumtunda. Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Domwe."

"Ine ndine Bernardo, wa ku Tsangano. Ndinabwera kuno ndili ndi tsitsi lakuda. Kachewere akubereka kwathuko?"

Anandipatsa chitini chokhalira. Ndinawafotokozera za mota ya amuna anga, n'kutulutsa pepala ndi bango, ndikuyembekeza kusekedwanso. Pepala analiwerenga n'kuliika pansi. Bango analilandira ndi manja awiri.

"Mayi anga ankandigulira nsapato chonchi, ndipo sizinandithinepo," anatero. Analiyeza ndi tepi yake. "144. Analemba pepalali sananame, koma anakupatsani nambala ya kumbuyo. Mota zina za mtundu uwu, kutsogolo ndi kumbuyo mabowo amasiyana. Mukanagula ija mukanakaphikirapo nyemba."

Anakwera paphiri lake, akugubuduza zitsulo, akutukwana dzimbiri. Patapita nthawi anatsika ndi janti ya aluminiyamu, yowala, yosapindika paliponse. Ndinaikapo bango. Linagwera pakati pa bowo ndi pakati pa linzake ngati linabadwira pomwepo.

"Anyamata othamanga pamchenga amazikonda izi," anatero a Bernardo. "Koma mabowo ndi theka chabe la nkhani. Bambowo sanakupatseni muyezo wa kuya kwake?"

"Anandipatsa."

"Uli kuti?"

"Unathera m'mano mwa mayi wina pa Musakama."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Atatha kuseka anaitembenuza jantiyo n'kundionetsa mbale ya mabowo ija. Anati ikakhala kufupi ndi kunja, tayala limabisala mkati, pafupi ndi mota. Ikakhala pakati, ngati ya iyi, tayala limatulukira kunja. Ndipo tayala limodzi likatuluka linzake lili mkati, mota imakokera mbali imodzi, chiwongolero chimalimbana ndi mwini wake.

"Komabe imayenda," anatero. "Pamsewu wabwino munthu wamphamvu amaigwira. Njira yanu ndi yotani?"

Apa ndi pamene ndinauona mlatho wathu bwinobwino, mitengo yake yoterera ndi mame, madzi pansi, ndi munthu wa mwendo umodzi amene sangadumphe mota ikapendeka.

Ndinatambasula dzanja langa n'kuliyang'ana. Kabango kaja ndinakafumbata kuchoka ku Domwe mpaka ku Ulongwe: zala zinayi za nkhonya, n'kutsala mulingo wa chala chachikulu. Zala zisanu. A Bernardo anagoneka kachitsulo kowongoka pamlomo wa janti, ine n'kulowetsa dzanja chammbali mpaka pambale. Zala zitatu zokha. Ndiye kuti tayala likanatuluka zala ziwiri, zomwe zija zimene timatsala nazo pamlatho.

"Iyi ayi," ndinatero, ngakhale ndinali nditaikonda. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

"Ndiye ina ndilibe, mayi."

Ndinanyamula dengu. Sindinadziwe kuti ndikanena chiyani kunyumba, ndipo miyendo inkakana kuyamba ulendo wopanda kanthu. Potuluka ndinadutsa pamene munthu wawo wowotcherera ankagwirira ntchito. Anali atandandalika majanti akale asanu oti awaike miyendo akhale mbaula. Atatu anali atatha kale. Yachinayi inali yaing'ono, yakuda ndi dzimbiri, mkati muli zitosi za nkhuku. Kaonekedwe kake kanandikumbutsa ya kwathu ija imene ndakhala ndikuitsuka matope zaka zitatu.

"Taimani kaye, bambo, musayatse!"

Ndinagwada pafumbi. Bango linakwana. Ndinaitembenuza, ndinalowetsa dzanja pakati pa zitosizo: zala zinayi ndi chachikulu. A Bernardo anabwera, anaikwecha ndi burashi ya waya mpaka nambala 10 inaoneka, anaigubuduza pasimenti kuti aone ngati ikuyenda mowongoka, anaigogoda ndi nyundo n'kumvetsera kulira kwake.

"Ndi yamoyo," anatero. "Mukanachedwa ndi kapu imodzi ya madzi, bwenzi pano ili ndi miyendo itatu. Mundipatse mtengo wa mbaula, poti ndi imene ndimati ndigulitse."

Lachinayi ndinakwera chapa yoyamba. Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri, unali womwewo koma wovala. Janti ndinaifukata pamiyendo njira yonse, kobradori atalephera kundinyengerera kuti ikwere pamwamba. Anthu atatu osiyana anandifunsa kuti mbaula yopanda miyendo ndagula zingati. Pa Musakama sindinatsike. Ku Ulongwe ndinatenga janti yakufa ija kwa mnzanga, ndipo mekaniko sindinamupatse moni.

Ndinafika pakhomo dzuwa likulowa, msana ngati wathyoka, majanti awiri pamutu. A Zakariya anali pomwe ndinawasiya. Anayang'ana chitsulo chadzimbiricho, kenaka anatambasula dzanja. Ndinawapatsa bango lalitali. Anayeza, linakwana.

"Linalo?"

Ndinawauza zonse, za pepala, za mayi wa nkhuku, za zala zanga. Sanaseke, sanakwiye. Anangoti, "Tiona mawa."

M'mawa mnansi anabwera ndi zitsulo zake ndi pampu. Kuvalika tayala kunatenga ola lathunthu. Kenaka ananyamula janti n'kuilozetsa pa maparafuzu anayi, mabawuti olowa m'mabowo aja, ndipo inalowa yonse nthawi imodzi, osagogoda. A Zakariya anazungulitsa tayala ndi dzanja, khutu lili pafupi, kumvetsera ngati likukhula penapake. Silinakhule. Anadzikoka n'kukwera.

Pamlatho ndinatsogola monga kale, chafutambuyo. Matayala akutsogolo anakwera pamitengo. Ndinaŵerama n'kuika zala pambali pa lakumanja. Ziwiri. Ndinapita kumanzere. Ziwiri. Ndinabwereranso kumanja kuti nditsimikize, ndipo pamenepo mawu anaphulika pamwamba pa mutu wanga.

"Nambewe! Choka panjira! Ukufuna ndigone pamlatho pano? Taona kachewere wanga mmene wamuchitira, ungati wathiriridwa ndi munthu wakhungu!"

Anandikalipira kuyambira pamlatho mpaka kumapeto kwa dimba, mzere ndi mzere, ndipo masana anadya mbale ziwiri akukalipabe. Janti yakufa ija tinaiika miyendo, ndimaphikirapo nyemba. Bango ndinalisomeka kudenga pamodzi ndi makadi a kuchipatala, ndipo amene angalitokosere m'mano adzandiona.

Ku Tete ndinapita ndikuchita manyazi ndi muyezo wa kwathu, ndinatsala pang'ono kuusinthanitsa ndi pepala la simenti. Masiku atatu amenewo anandikalambitsa, mapazi anaphwa patatha sabata. Koma pa zaka makumi atatu za ukwati wathu, tsiku limenelo ndilo loyamba limene ndinakhala pamzere wa kachewere, ndikukalipiridwa, n'kumapempha mumtima kuti asasiye.